Azakhali akufuna ndiwaululire za wodwala: kodi lumbiro la ntchito liposa chibale?

Namwino wa ku Chinamwali

Ndine namwino, ndipo ndagwira ntchito zaka zinayi pa chipatala china muno mu Zomba. Msuweni wanga, mwana wa azakhali amene anandilera, ali ndi chinkhoswe mwezi wamawa, ndipo mnyamata amene akumukwatira anabwerapo kuchipatala kwathu ine ndili pa ntchito. Azakhali anamva zimenezi kwa anzawo a mumsika. Lamlungu titaweruka kutchalitchi anandiitanira kuseri kwa khitchini, nandigwira dzanja, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndinakulera ndine mayi ako atatisiya. Ungondiuza chimene chinamufikitsa kumeneko, ine sindiuza munthu." Ndinawayankha kuti ntchito yanga siindilola kutero. Anandisiya dzanja mwakachetechete, ndipo kuyambira tsiku limenelo sakuyankha foni yanga.

Ngakhale pano sindinena ngati mnyamatayo anabwera ndi malungo, bala kapena china, chifukwa chinsinsicho ndi chake. Chimene chikundisowetsa tulo ndi chakuti ndinalumbira kusunga chinsinsi cha odwala, koma ndinaleredwanso ndi mawu akuti chibale ndi fupa, sichiola. Inu amene muli m'ntchito zina zokhala ndi malamulo ake, kodi lamulo la ntchito likawombana ndi udindo wanu kwa abale, mumatsata chiti?

Mphunzitsi wopuma wa ku Domasi

Mwana wanga, mwachita bwino, ngakhale panopa zikukupwetekani. Ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo ndayang'anirapo mayeso a boma kangapo. Chaka china m'chipinda chimene ndinkayang'anira munakhala mwana wa mlamu wanga, ndipo ndinaona kapepala ka likasa katatulukira pa kolala ya malaya ake. Manja anga ananjenjemera, koma ndinakalanda n'kulemba lipoti monga ndikanachitira mwana wa munthu aliyense. Kumudzi anandisala pafupifupi chaka chathunthu, ndipo pa maliro ena palibe anandipatsa mpando.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi chakuti m'chipindamo munali ana ena ambiri amene makolo awo anagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti alipire fizi, ndipo anawo analibe m'bale woyang'anira mayeso. Mukukumbukira kuti mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana a dziko lonse analembanso kumayambiriro kwa 2021. Amene anavutika kwambiri ndi ana osalakwa amene anawerenga usiku ndi tochi. Lamulo la ntchito linaikidwa kuti liteteze munthu amene alibe womuyankhulira m'chipindamo, ndipo pa nkhani yanuyi munthu ameneyo ndi mnyamatayo.

Loya wa ku Matawale

Achemwali, ndiyambe ndi zimene zingakuchitikireni. Anamwino ali pansi pa Nurses and Midwives Council of Malawi, monga mmene madokotala alili pansi pa Medical Council of Malawi, ndipo kuulula za wodwala popanda chilolezo chake ndi mlandu umene ungakulanditseni chiphaso cha ntchito. Ngati nkhani ili ya kachilombo ka HIV, palinso lamulo la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limene limateteza chinsinsi cha munthu woyezetsa. Lonjezo la azakhali lakuti sauza munthu silingakutetezeni, chifukwa chinkhoswe chikalephereka ankhoswe a mbali zonse adzafunsa chifukwa chake, ndipo dzina lanu ndilo lidzatchulidwe.

Ife maloya timasunganso zinsinsi zolemera. Munthu akandiuza zimene anachita kuti ndimuimire pa mlandu, sindingathe kukaziuza apolisi kapena abale a wodandaula, ngakhale mtima wanga utawamvera chisoni. Komabe chinsinsi chimenechi chili ndi malire ake, pakuti sindiloledwa kunamiza khoti kapena kuimika mboni imene ndikudziwa kuti ikanena bodza. Anthu ambiri amaganiza kuti kusunga chinsinsi ndi kunama, pamene ndi zinthu ziwiri zosiyana. Inu simunawanamize azakhali, munangokana kuwapatsa chinthu chimene si chanu. Ndikupemphani kuti musadzayese kuwatonthoza ponena kuti "musadandaule, palibe vuto," chifukwa mawu amenewonso ndi kuulula, ndipo tsiku lina mukadzakhala chete pa nkhani ya munthu wina, kukhala chete kwanuko kudzamveka ngati yankho.

Wowerengera ndalama wa ku Chikanda

Ndikugwirizana ndi anzangawa pa nkhani ya namwinoyu, koma sindikufuna kuti owerenga aganize kuti m'ntchito iliyonse khalidwe labwino ndi kutseka pakamwa. Kwa ife owerengera ndalama nthawi zina udindo umakhala wosiyana kotheratu. Timasunga zinsinsi za mabuku a amene watilemba ntchito, koma bwana akatiuza kuti tisainire malipiro a katundu amene sanabwere, kukhala chete ndiko kulakwa. Cashgate ya mu 2013 sinachitike chifukwa chosowa malamulo. Ndalama za boma zinatuluka kudzera m'macheke olipira makampani amene sanagwire ntchito, ndipo mapepala amenewo anadutsa m'manja mwa anthu ophunzira amene ankadziwa bwino malamulo a ntchito yawo. Dziko lino lili ndi bungwe la ACB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo lothana ndi katangale la 1995, koma bungwelo silingaone zimene zili m'mafayilo ngati amene amawagwira tsiku ndi tsiku asankha kuyang'ana kumbali.

Choncho ine funso limene ndimadzifunsa ndi lakuti, chinsinsi chimenechi ndi cha yani, ndipo ndikachisunga ndikuteteza yani? Cha wodwala ndi chake iye mwini. Cha bwana wakuba ndi ndalama za mankhwala amene inu anamwino mumawasowa mu wodi.

Mzamba wa ku Thondwe

Mnzanga, vuto lanu ndalimva chifukwa ife ogwira ntchito kufupi ndi kwathu timakumana nalo kawirikawiri. Nkhawa ya azakhali ndi yoona, ndipo musaipeputse, pakuti akuopera moyo wa mwana wawo. Koma pali njira yowathandizira imene siiphwanya lumbiro lanu. Lankhulani ndi msuweni wanuyo monga mchemwali wake, osati monga namwino wa mnyamatayo, ndipo mumuuze zimene mungauze mtsikana aliyense wolowa m'banja, kuti iye ndi bwenzi lake apite limodzi kukalandira uphungu ndi kukayezetsa magazi ukwati usanachitike. Ndi bwino ankhoswe ndiwo anene zimenezi kwa onse awiri, kuti pasaoneke ngati pali amene akukayikiridwa. Akapite ku chipatala china, osati chanu. Azakhali muwafotokozerenso kuti masiku ano munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaoneka m'magazi sapatsira mnzake wa m'banja, chifukwa mantha ambiri a makolo athu anachokera m'zaka zija tinkaika maliro sabata iliyonse.

Namwino wa ku Chinamwali

Zikomo kwambiri nonse. Bambo loya, chenjezo lanu landifika pamtima, chifukwa dzulo lomweli ndinatsala pang'ono kuwalembera azakhali uthenga wowatonthoza wa mtundu umenewo. Ndalankhula ndi amalume amene ndi nkhoswe ya msuweni wanga, ndipo avomera kuti akakumana ndi ankhoswe a kuchimuna Loweruka akapempha kuti ana onse awiri akayezetse limodzi, monga mmene anachitira pa ukwati wa mwana wawo. Azakhali sanayambe kuyankha foni, choncho Lamlungu ndipitako ndekha ndikatuluka m'tchalitchi.