Kodi gulu lathu la matelala ligule buku la mitundu la Pantone?

Mlembi wa gulu: Amayi ndi abambo, pali ganizo loti tigule ndi ndalama za gulu buku la mitundu la kampani ya Pantone, limene limaonetsa mtundu uliwonse ndi nambala yake, chifukwa akwati ambiri akubwera ndi mayina monga burgundy, champagne, peach, emerald ndi teal, ndipo zovala zikatha amati si mtundu umene anaufuna. Maganizo anu ndi otani?

Telala wa ku Limbe: Ine ndikuvomereza, a mlembi. Mayina amenewa anachokera ku zinthu zimene pazokha sizikhala ndi mtundu umodzi. Burgundy ndi champagne ndi vinyo wa m'madera a ku France, emerald ndi mwala wobiriwira wamtengo wapatali, pamene teal ndi bakha wakutchire wokhala ndi mzere wobiriwira pambali pa diso. Ngakhale mapichesi a ku Dedza safanana, ena ndi achikasu, ena ofiirira. Kampani ya Pantone inayamba kupatsa mitundu manambala mu 1963 pofuna kuthetsa mikangano yotereyi, ndipo kasitomala akaloza nambala, nkhani yatha.

Msungichuma: Abambo, zimene mwanenazi ndi zoona, koma bukuli limagulidwa ndi madola, omwe akuvuta kupeza. Komanso eni akewo amalangiza kuti lizisinthidwa pakatha miyezi 12 mpaka 18 chifukwa mitundu yake imafwifwa. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti nsalu zimene timagula m'masitolo mwathu muno sizilembedwa manambala amenewa, choncho tidzadziwa bwino mtundu umene kasitomala akufuna koma nsaluyo osaipeza.

Mayi wosoka za ukwati ku Mzuzu: Ndikugwirizana ndi a msungichuma. Makasitomala anga amaona mitunduyi pa Facebook, makamaka Peach Fuzz, umene Pantone inausankha kukhala mtundu wa chaka cha 2024, ndi Mocha Mousse wa 2025, wofanana ndi khofi wothira chokoleti. Koma mtundu wa pa foni ndi wa pa pepala umasiyana ndi wa pa satini, imene imanyezimira ndi kuoneka mwina padzuwa, mwina m'tchalitchi. Ine ndimamata zidutswa za nsalu m'kope, kulemba sitolo imene ndinagula, ndipo mkwatibwi amasaina pambali pa chidutswa chimene wasankha.

Telala wa ku Limbe: Njira yanuyo ndi yabwino, amayi, koma siithandiza pamene anamkungwi kapena achibale a mkwati ali ku Johannesburg ndipo akufuna kugula nsalu yawo komweko kuti ifanane ndi yathu. Pamenepo nambala ndiyo ingatigwirizanitse.

Msungichuma: Ngati ndi choncho, ndikupempha kuti aliyense alembe maoda ochokera kunja amene analandira chaka chatha, kuti pa msonkhano wa Loweruka tione ngati phindu lake lingabweze mtengo wa bukulo lisanafwifwe.