Thandizeni pa kangolo ka sitima yanga yaing'ono ya nthunzi

Moni akuluakulu nonse a muno mu Harare. Ndapanga kasitima ka nthunzi koyenda pa njanji zotalikirana mainchi 5, koyendera malasha enieni. Injini yatheka, koma kangolo komwe woyendetsa amakhalapo kandiimika mutu.

Chimango ndawotcherera kale ndi zitsulo zomwe ndinagula ku Siyaso ku Mbare, mawilo anayi, mpando wa thabwa. Pomwe pavuta ndi pa thanki ya madzi. Ndikufuna ikhale pansi pa mpando kuti kangoloka kasamapendame, paipi n'kuchoka pamenepo kupita ku injekita, kachipangizo kolowetsa madzi mu boyila ya injini ndi mphamvu ya nthunzi. Koma injekita imakana kukoka madzi akafunda, ndipo dzuwa la Okutobala la kuno mukulidziwa nokha. Thankiyo ndiikute ndi chiyani? Kapena ndingodalira pampu yapamanja? Nanga paipi ya labala pakati pa ngolo ndi injini ingapirire kupindikapindika pokhota osatseka madzi?

China ndi buleki. Kainjini pakokha sikangaimitse munthu wamkulu ndi ana awiri kumbuyo, ndiye buleki iyenera kukhala pa ngolo. Ena akuti ndodo yokoka ndi dzanja, yofinya mawilo ndi timatabwa, ndi yokwana. Ine ndikukayika, poti mawilo akagwidwa kwambiri amangotsetsereka, makamaka njanji ikadontheredwa mafuta. Amene munayesapo, munachita bwanji?

Malasha ndili nawo a ku Hwange, ndimawaphwanya akhale ngati mtedza, bokosi lake likhala pakati pa miyendo. Ngati mukudziwa munthu wa lathe (makina osemera zitsulo) ku Graniteside kapena ku Msasa amene sanyoza tintchito ting'onoting'ono monga mapini olumikizira, chonde mundilozere.