Madzi a pool akuzizira mopyola muyeso, abwana akukonzekera English Channel

aPhiri, Randburg:
Akuluakulu, safunsa anadya phula. Ndasamala ma pool kuno ku Joni zaka zambiri, koma iyi yandizunguza mutu. Mabwana ena onse amadandaula kuti madzi akuzizira, tiwatenthetse. Anga awa akufuna ozizira, koma ozizira mwa muyeso.

Iwowa amasambira mitunda italiitali. Kuchoka ku chilumba cha Robben Island kukafika ku Blouberg ku Cape Town, makilomita 7.4, anawoloka kale. Tsopano mtima uli pa zitatu zija amati Triple Crown: English Channel (nyanja ya pakati pa England ndi France), Catalina ku California, ndi kuzungulira chilumba cha Manhattan ku New York. Kuti awalole ku English Channel ayenera kuonetsa umboni woti anasambirapo maola 6 m'madzi a madigiri 16 kapena otsikirapo, osavala wetsuit, chovala chosambirira choteteza kuzizira. Ndiye andiuza kuti pool izikhala pa 15 kapena 16. Mu July muno m'mawa ndikumapeza 10, tsiku labwino 11. Dzulo anangotha maola awiri n'kutuluka, milomo itada, mano ali gwedegwede, kapu ya tiyi osatha kuigwira. Nditani?

aBanda, Edenvale:
Achimwene, heat pump, makina otenthetsera madzi aja, ilipo? Ngati ilipo muiike pa 16 basi, nkhani yatha.

aPhiri, Randburg:
Ilipo, ndipo ili pa 16 pomwepo. Masana madzi amakwerako, koma kukamacha amakhala atabwerera pomwe anali.

Gogo Mwale, Benoni:
Mwana wanga, ukutunga madzi ndi dengu. Heat pump imatenga kutentha mumpweya. Usiku wa chisanu kuno mpweyawo umatsika mpaka kufupi ndi 0, udzu n'kuchita mbuu, ndiye makinawo atenge kuti kutentha? Iyendetse kuyambira cha m'ma 10 m'mawa mpaka 4 madzulo, dzuwa lili pamutu. Ukangoizimitsa, vundikira pool ndi chovundikira chake, ukavundukule mawa abwana akamalowa. Kutentha kwambiri kumathawira pamwamba pa madzi, makamaka kukakhala kamphepo. Pool yosavundikira mu July ili ngati mphika wopanda chivundikiro.

China, usamakhulupirire nambala ya pa makinapo. Imeneyo imayeza madzi odutsa m'paipi. Gula thermometer yoyandama, uyeze mbali yakuya ndi mbali yosaya, pampu itayenda kale kwa kanthawi kuti madzi asakanikirane. Uzilemba m'kabuku tsiku lililonse.

aNachisale, Fourways:
Ine sindisamala pool, ndimathandiza aphunzitsi a zosambira ndipo ndakwerapo boti loperekeza osambira. Za madigiri Gogo anena kale. Chimene chandiopsa ine n'choti munthu anatuluka ali m'mene mwafotokozeramo. Munawachitira chiyani atatuluka?

aPhiri, Randburg:
Ndinawathamangitsira ku shawa yotentha, achemwali.

aNachisale, Fourways:
Chonde musadzabwerezenso. Munthu akatuluka m'madzi ozizira, thupi lake m'kati limapitiriza kuzizira kwa mphindi zingapo, ndiye kunjenjemera kwenikweni kumabwera ali kale kumtunda. Mukamuthira madzi otentha mwadzidzidzi, mitsempha ya pakhungu imatseguka, magazi amathamangira kunja, atha kuchita chizungulire n'kugwa m'bafamo. Mumuvule zonyowa msanga, mumupukute osamutikita, avale chipewa ndi zovala zingapo, akhale pansi pamalo opanda mphepo, amwe chakumwa chofunda chotsekemera. Kusamba kudikire mpaka kunjenjemera kutatha.

Ndipo akakhala m'madzi musachoke kukatchetcha kapinga. Muziwafunsa kafunso kapafupi nthawi ndi nthawi. Akayamba kuyankha ngati oledzera, kapena mikono ikayamba kuchedwa, atulutseni ngakhale akalipe. Pa boti ifenso timawerenga kuti mikono ikumenya kangati pa mphindi, chiwerengero chikatsika timadziwa kuti zinthu zasokonekera.

Akudya chiyani ali m'madzimo? Maola awiri opanda kanthu m'mimba n'chifukwa chinanso chozizidwira msanga. Osambira ambiri amamwa mphindi 30 zilizonse, chakumwa cha mphamvu chofunda, m'botolo lomangirira chingwe. Azolowere kumwa akuyandama, osagwira m'mbali mwa pool, chifukwa ku English Channel ukangogwira boti ulendo wathera pomwepo.

aBanda, Edenvale:
Koma azunguwa amadzivutitsiranji? Bwanji osangopita kwathu, madzi ofunda bwinobwino. Lewis Pugh anawoloka nyanja ya Malawi mu 1992, Martin Hobbs anaisambira m'litali yonse mu 2019, masiku 54. Palibe ananjenjemera.

Gogo Mwale, Benoni:
Iwe unayamba wakumana ndi mwera uli m'bwato? Nyanja iliyonse ili ndi ukali wake.

aNachisale, Fourways:
aBanda anena moseka koma akhudza nkhani. Pool ya panyumba iphunzitsa thupi kupirira kuzizira, basi. Mafunde mulibe, mchere mulibe, mdima mulibe. Makilomita 33 a English Channel ndi a pamapu chabe, madzi akamadzaza ndi kuphwa amakukokera uku ndi uku, mtunda n'kutalika. Mchere umatupitsa lilime, ena amasanza chifukwa cha kugwedezeka. Ku Catalina amanyamuka usiku. Ine ndikanakhala iwo, maola 6 amenewo ndikanakawachitira kunyanja ya mchere ku Cape, ndi munthu woti asayine umboni. Pool ikhale yokonzekerera chabe, ndipo azikwera pang'onopang'ono, osati kulumphira maola 6 sabata imodzi.

aPhiri, Randburg:
Ndabwera ndi lipoti. Chovundikira chinalipo kale, chinangopindidwa m'galaja. Patatha masiku asanu ndikutsatira za Gogo, lero m'mawa ndapeza 14.5 mbali yakuya, pomwe makina akuti 16. Abwana asambira maola atatu, akumwa theka la ola lililonse, atuluka akuyankhula zomveka. Zakunyanja ndawauza, ayankha kuti aganizira.

Latsala limodzi. Chiyambire kuvundikira, madzi akununkha chlorine kwambiri ndikangovundukula, ndipo akuti maso akuwawa ngakhale avale magalasi.

Gogo Mwale, Benoni:
Uzivundukula ola limodzi asanalowe, pampu ikuyenda, mpweyawo utuluke. Chlorine yatsekeredwa, chepetsa mlingo womwe umathira, ndipo uzithira akamaliza kusambira, osati m'mawa. Wayeza pH, muyeso wa asidi m'madzi? Iyenera kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.6. Yeza mawa, undiuze nambala usanathire china chilichonse.