Duct ya nyumba ya ku Salima: flex yokhayokha ikwana?

Wofunsa, Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni. Nyumba ili ku Salima, zipinda zogona zitatu ndi pabalaza, denga la malata, siling'i ya bolodi. Makina oziziritsa mpweya (air conditioner) ndi obisika m'siling'i, mphamvu yake 36,000 BTU, potulukira mphepo pasanu kudzera m'ma duct (mapaipi a mphepo). Eni nyumba akuti tiyike flex (duct yofewa yopindika, ya waya m'kati) ya 150mm ponseponse poti njotchipa.

Mmisiri wa ku Kanengo: Siikwana achimwene. Yambani mwawerenga mphepo. 36,000 BTU ndi matani atatu a mphamvu yoziziritsa, tani imodzi imafuna 400 CFM (muyezo wa mphepo yodutsa pa mphindi), ndiye 1,200 CFM, pafupifupi malita 570 pa sekondi. Mukagawa pa mapaipi asanu a 150mm mphepo izithamanga kuposa mamita 6 pa sekondi (6 m/s), usiku wonse mluzu kuchipinda. Mphepo ya m'nthambi, mapaipi ochokera pa duct yaikulu, isapyole 3 m/s. Pa liwiro limenelo 150mm imanyamula malita 53 okha, 200mm 94, 250mm 147. Choncho zipinda ziwiri zazing'ono 200mm, chachikulu 250mm, pabalaza ziwiri za 250mm. Duct yaikulu ikhale 500 x 300mm, muichepetse mukadutsa nthambi za pabalaza. Chipinda choyang'ana kumadzulo musachimane mphepo, dzuwa la masana limathera pamenepo.

Wopinda malata, Ndirande: Yaikuluyo ikhale ya malata a galvanised 0.6mm, mbali zotambalala muzipinde mtanda, apo ayi imalira "gu!" fani ikamayaka. Flex ingokhala kumapeto polumikiza diffuser (potulukira mphepo pa siling'i), isapitirire mita imodzi ndi theka. Ikokeni iwongoke bwino. Ikakhwinyata, nthiti za waya m'katimo zimagwira mphepo. Lamba wotambalala pa 1.2m iliyonse, osati waya womangira, umadula jekete. Komanso makoswe a m'denga flex amaiboola ngati thumba la chimanga.

Mayi wa mafiriji, Zomba: Musanapinde lata ngakhale limodzi, onani ESP, mphamvu ya fani yokankhira mphepo m'ma duct (imayezedwa mu Pa), m'buku la makinawo. Makina ambiri opyapyala aja amakankha 30 mpaka 50 Pa basi, sangathe nthambi zisanu.

Wofunsa, Area 25: Buku likuti 120 Pa, mayi.

Mayi wa mafiriji, Zomba: Zili bwino. Makinawo apachikeni pamwamba pa kolido, pakati pa nyumba, njira zifupike. Sefa, ma grille (zotchinga za mipata podutsira mphepo) ndi zigongono zonse zikudya pa 120 yomweyo.

Mkulu wa ku Mangochi: Kunyanja kuno chimene chimaononga ntchito ndi thukuta. Mphepo ya m'duct imakhala 12 mpaka 14°C, pomwe kunja kwake nyengo ya mvula kuli chinyezi chadzaoneni. Paliponse pamene chitsulo chili pamtunda pamatuluka madzi, amadontha pa bolodi, kenako banga lachikasu ndi nguwi. Duct muikute ndi fibreglass (ubweya wotchinga kutentha) ya 50mm yokhala ndi foil kunja. Ya 25mm pansi pa malata mu Okutobala njochepa. Molumikiza monse pakani mastic (phala lomatira mipata) musanakute, msoko wa foil mumate ndi tepi ya aluminiyamu. Tepi yansalu ija imamatuka ndi kutentha. Bokosi la diffuser ndi khosi lake nazonso mukute, ambiri amaiwala pamenepo. Pomangira lamba musafinye fibreglass, pofinyika mpamene pamayambira kudontha.

Mmisiri wa ku Kanengo: Nanga return, njira yobwezera mphepo ku makina, palibe waitchula? Malita 570 omwewo ayenera kubwerera ku makina. Grille ya 600 x 600mm ndiye yochepetsetsa kuti mphepo isapose 2 m/s, ndipo mukaikapo sefa kwerani pa 600 x 900mm. Ilumikizeni ndi bokosi lotsekedwa mpaka ku makina. Mukasiya kuti azikoka m'denga, akoka fumbi ndi kutentha kwa malata. Return ikachepa koyilo yoziziritsa ya m'makina imagwira ayezi, wina n'kumati gasi watha.

Wofunsa, Area 25: Zitseko za kuchipinda zikatsekedwa, mpata wa pansi sukwana?

Mmisiri wa ku Kanengo: Mpata wa 20mm pa chitseko cha 800mm, malita 94 adutsa pa 6 m/s, chitseko chizichita kulimba. Ikani transfer grille (yodutsitsa mphepo pakhoma) ya 400 x 200mm pamwamba pa chitseko chilichonse, mbali zonse ziwiri za khoma. Damper (chochepetsera mphepo) pa nthambi iliyonse muiyike pochokera pa duct yaikulu, osati pa diffuser, ndipo musiye chibowo choyendera m'siling'i pafupi nayo.