Kodi mwana wa zaka 5 angaonere filimu yakale ya Robin Hood?

Mayi wa ku Chilenje:
Moni makolo anzanga. Loweruka likubwerali ndikufuna kuonera pamodzi ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 5 filimu ya The Adventures of Robin Hood ya mu 1938, imene Errol Flynn ndiye Robin. Ndinaionera ndili mtsikana ndi malemu bambo anga, ndipo ndimaikonda kwambiri. Nkhawa yanga ili pa nkhondo za malupanga, komanso momwe ndingamufotokozere kuti wolanda chuma ndiye ngwazi, pamene ine ndimamudzudzula akatola ngakhale K1 patebulo. Amene munayesapo, ndithandizeni.

Bambo wa ku Kabwata:
Mayi, za malupanga musade nazo nkhawa kwambiri. Anthu amalasidwa n'kugwa, koma simuona mabala oopsa ngati a m'mafilimu a masiku ano. Mwana wanga anachita mantha pamalo awiri okha, pamene Robin anatsala pang'ono kupachikidwa, ndi kumapeto pamene akumenyana ndi mdani wake Sir Guy pamasitepe a m'nyumba yachifumu. Pamenepo mumufungatire, ndipo mumuuze msanga kuti Robin sadzafa. Chimene chinamukoka mtima ndi mitundu yowala ya Technicolor (njira yakale yojambulira mafilimu amitundu), makamaka zovala zobiriwira ndi zofiira, chifukwa kamera yake inkajambula pa mafilimu atatu nthawi imodzi. Filimuyi ndi ya mphindi 102, choncho ife tinaigawa madzulo awiri.

Agogo a ku Matero:
Mwanangu, funso la kubalo ndilo lalikulu, ndipo musalizembe. Ana sasokonezeka akamva chiyambi cha nkhani. Mumuuze kuti Mfumu Richard ya ku England inagwidwa ku Austria, ndipo mng'ono wake John anayamba kufinya anthu osauka ndi misonkho ponama kuti ndi dipo lowombolera mkulu wake. Robin akubweza kwa eni zimene zinalandidwa. Mdzukulu wanga atamva zimenezi anandifunsa chifukwa chake anthuwo sanakasume kwa amfumu, ndipo tinakambirana mpaka nsima inazizira. Chingelezi chake n'chovuta kwa mwana, motero muziimitsa filimu n'kumufotokozera m'chinenero chathu.

Mayi wa ku Chilenje:
Zikomo kwambiri agogo, ndi inunso bambo. Tidzayamba Lachisanu madzulo, n'kulekeza Robin akapambana mpikisano wa mivi.

Bambo wa ku Kabwata:
Pamenepo ayi mayi, chifukwa ndi pomwe amamugwira, ndipo mwana sadzagona. Mupitirize mpaka anzake amupulumutse.