Zatheka: vuto la fuel trim lija linali paipi yong'ambika

Zikomo nonse amene munandiyankha. Paja ndinadandaula kuti galimoto yanga yayatsa nyale ya check engine ndipo ikuonetsa P0171 (kodi yosonyeza kuti petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya), long term fuel trim (mafuta amene kompyuta ya injini yaphunzira kuonjezera kapena kuchepetsa) ili pa +18% ikangolira osayenda, koma pamsewu ikutsikira pafupi ndi 0.

Ena munati ndisinthe oxygen sensor, kachipangizo koyeza oxygen mu utsi wa injini. Ndinatsala pang'ono kugula, koma ndinatsatira achimwene amene anati ndiyambe ndamvetsa ma cell, timabokosi timene kompyuta imasungamo fuel trim. Kompyuta ya injini sisunga nambala imodzi ayi. Imagawa ntchito ya injini m'timabokosi potengera RPM (liwiro limene injini ikuzungulira) ndi katundu amene injini ikusenza, ndipo kabokosi kalikonse kamakumbukira mafuta oonjezera kapena ochepetsa kuti mpweya ndi petulo zikhale pa 14.7:1. Short term fuel trim imasinthasintha mafuta nthawi yomweyo potengera zimene oxygen sensor ikuona. Ikakhalitsa mbali imodzi, long term ya kabokosiko imaphunzira.

Ndiye kwa ine timabokosi ta RPM yotsika tokha ndi timene tinali todwala, chizindikiro choti mpweya ukulowera pena osayezedwa. Injini ikamakoka mpweya wambiri, mpweya wolowera pa kabowo umachepa poyerekeza, ndiye vutolo silionekanso. Tinapopera utsi mu intake (njira yolowera mpweya mu injini), ndipo unatulukira pa paipi ya PCV (yobwezera mpweya wa m'kati mwa injini ku intake), yong'ambika kunsi kumene diso silifika. Sensor ija inalibe mlandu!

Chimene sindinkadziwa: mukakonza, fufutani zimene kompyuta inaphunzira, apo ayi imathirabe mafuta ambiri kwa kanthawi. Kenako yendetsani injini itatentha, pa liwiro losiyanasiyana, chifukwa kabokosi kamaphunzira pokhapokha mukadutsamo. Kuponda moto mpaka pansi sikuthandiza, pamenepo kompyuta simvera sensor.

Pano long term ili pa +2%, ndipo nyale ija sinayakenso.