Makanema a ukwati akudukaduka pa laputopu: vuto lili m'mafayilo kapena m'makina?

Akuluakulu nonse a pagulu lino, landirani moni. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa nthawi yaitali osalembapo kanthu, koma lero ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere kwa milungu iwiri, ndipo ndikupempha amene mumadziwa za makompyuta kuti mundiunikire ndisanawononge ndalama kapena kutaya zinthu zimene sindingazipezenso.

Mwana wa mlongo wanga anakwatiwa ku Johannesburg mwezi wathawu. Ine monga malume wake ndinayenera kukhalapo, koma ulendo sunatheke, ndipo amayi anga, omwe ndi agogo ake a mkwatibwi, alibenso mphamvu zokhala m'basi masiku awiri. Akubanja la mkwati anajambula mwambo wonse ndi foni ya iPhone, kenaka anatitumizira makanemawo pa fulashi kudzera mwa mnansi wathu amene amabwera kumudzi. Muli mafayilo 14, onse othera ndi zilembo za MOV, ndipo onse pamodzi akukwana pafupifupi 22 GB.

Laputopu yanga ndi ya kaunjika. Ili ndi purosesa ya Intel Core i3 ya m'badwo wachitatu, RAM ya 4 GB ndi Windows 10. Sinandivutitsepo poonera makanema ena: a pa YouTube amayenda bwino netiweki ikakhala yabwino, ndipo tizidutswa ta ukwati womwewu timene ana anatumiza pa WhatsApp timayenda popanda vuto lililonse. Mfundo imeneyi ndi imene ikundizunguza kwambiri, chifukwa mwambo ndi womwewo, foni yojambulira ndi yomweyo, koma za pa fulashi zikukana.

Nditatsegula fayilo yoyamba ndi pulogalamu imene inabwera ndi Windows, panatuluka uthenga wa nambala 0xc00d5212, ndipo ndimangomva mawu okha, galasi lili bii. Mnzanga wa kuntchito anandiikira pulogalamu ina yoonerera makanema yotchedwa VLC. Apo chithunzi chinaoneka, koma chimayenda masekondi atatu kapena anayi n'kuuma, pamene mawu akupitirira okha. Tsiku limene ndinaitana amayi kuti adzaone, abusa anali atayamba kale kudalitsa mphete m'mawu, koma pagalasi mkwatibwi anali adakali pakhomo la tchalitchi, phazi limodzi lili m'mwamba, nkhope yake itasweka kukhala timabokosi totuwa. Amayi anayandikiza mpando, nafunsa ngati mdzukulu wawo anadwala patsikulo. Zinandipweteka mtima kwambiri.

Zimene ndayesa ndi izi. Ndinakopera fayilo imodzi kuichotsa pa fulashi n'kuiika mu laputopu, poganiza kuti mwina fulashiyo ndi yochedwa, koma sizinasinthe. Ndinatseka mapulogalamu ena onse. Nditatsegula Task Manager, imene imaonetsa mmene makina akugwirira ntchito, kanema ali mkati, ndinaona kuti purosesa ikufika pa 100 peresenti n'kukhazikika pomwepo, fani ikulira kwambiri, ndipo mpweya wotuluka m'mbali ukutentha moti dzanja silikhalitsapo. Ndinayesanso kulowetsa fulashiyo pa wailesi ya kanema ya mnansi, koma nayonso inakana kutsegula.

Ndinapita nayo kwa wokonza makompyuta wina pamsika. Iye sanatsegule n'komwe fayiloyo, anangoti makinawo ali ndi vayirasi ndipo ayenera kufomatidwa, komanso kuti ndiwonjezere RAM. Sindinavomere, chifukwa sindikumvetsa kuti vayirasi ingasankhe bwanji mafayilo 14 okha n'kusiya makanema ena onse. Ndiponso mu laputopuyi muli zikalata zanga za zaka zambiri.

Funso langa ndi lakuti: kodi mafayilowa anawonongeka pokopera, kapena makina anga ndi amene akulephera? Ngati ndi makina, kodi kuwonjezera RAM kungathandizedi, kapena pali njira ina yoti amayi aonere ukwatiwu bwinobwino? Dziwaninso kuti batire ya laputopuyi inafa, kotero magetsi akangothima nayonso imazima nthawi yomweyo.

Yankho la membala wina wa gulu:

Bambo, musalole kuti aifomate, ndipo musathamangire kugula RAM. Malinga ndi mmene mwafotokozera, mafayilo anu ndi abwinobwino, chifukwa kawirikawiri fayilo yowonongeka siichititsa purosesa kufika pa 100 peresenti mawu akuyenda bwino. Kuyambira mu 2017, pamene kunatuluka iOS 11, mafoni a iPhone amasunga makanema m'njira yotchedwa HEVC kapena H.265, imene imapanikiza kanema kuti adye malo ochepa koma imafuna mphamvu zambiri pomutsegula. Mapurosesa a Intel anayamba kukhala ndi kachigawo kotsegulira HEVC pakokha kuyambira m'badwo wachisanu ndi chimodzi, wa mu 2015, ndipo kanema wa HDR (wa kuwala ndi mitundu yochuluka kuposa wamba) amene amajambulidwa ndi iPhone 12 kupita m'tsogolo amafuna m'badwo wachisanu ndi chiwiri. Yanuyo ndi ya cha m'ma 2012. Imadziwa bwino njira yakale ya H.264, imene WhatsApp imasinthirako makanema ndi kuwachepetsa musanawalandire, n'chifukwa chake tizidutswa tija tikuyenda. Ikakumana ndi HEVC, ntchito yonse imagwera purosesa yokha, ndipo imalemedwa.

Kuti mutsimikize, tsegulani fayilo imodzi mu VLC, dinani Ctrl ndi J pamodzi, ndipo mutiuze zimene zalembedwa pa mtundu wa kanema ndi kukula kwa chithunzi. Pali kapulogalamu ka HEVC Video Extensions kamene kamagulitsidwa mu Microsoft Store pa mtengo wosakwana dola imodzi. Kameneko kamachotsa uthenga wa nambala uja, koma sikangapatse makina anu mphamvu zimene alibe, choncho musakagule.

Njira yodalirika ndi kusintha mafayilowo kuti akhale a H.264 a MP4. Pulogalamu ya HandBrake ndi yaulere, ndipo mukasankha Fast 1080p30 imachita zonse yokha osakhudza fayilo yoyambirira. Pa makina ngati anu idzatenga maola ambiri, ndipo magetsi akathima pakati, fayilo imene inali mkatiyo mudzaiyambanso pachiyambi, kotero muzichita imodziimodzi, kuyambira yaing'ono. Musanayambe, pezani munthu wodalirika apemerere fumbi la mu fani, chifukwa purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro. Ngati muli ndi mnzanu amene ali ndi laputopu yatsopano, ntchitoyi ingathe madzulo amodzi. Ndipo chilichonse chimene mungachite, fulashi yoyambirirayo muisunge osafufutamo kanthu.

Wofunsa uja wabweranso:

Zikomo kwambiri, achimwene, pondifotokozera moleza mtima. Ndachita monga munanenera, ndipo VLC yalemba kuti HEVC, chithunzi cha 3840 ndi 2160, mafelemu pafupifupi 60 pa sekondi. Ndamvetsa tsopano chifukwa chake mphindi imodzi yokha ikudya pafupifupi 400 MB. Dzulo usiku magetsi atayaka ndinaika HandBrake, imene inandipemphanso kaye kuti ndiike pulogalamu ya Microsoft yotchedwa .NET, ndipo ndinayesa fayilo yaing'ono kwambiri, ya mphindi ziwiri, pamene akwati akudula keke. Laputopu ndinaiika pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Inatenga nthawi yaitali ndithu, koma fayilo yatsopanoyo ikuyenda mosadodoma, mawu ndi milomo zikugwirizana, ndipo amayi aionera katatu m'mawa uno, mpaka anaimba nthungululu pamene mdzukulu wawo amagwada kupereka keke kwa apongozi ake.

Pali chinthu chimodzi chimene chatsala. Mitundu mu fayilo yatsopanoyi ikuoneka yofwifwa poyerekeza ndi zithunzi za pafoni: diresi la mkwatibwi likuwala mopitirira mpaka zopeta zake sizikuoneka, ndipo zitenje za amayi a kuchikazi, zimene ndikudziwa kuti zinali zobiriwira kwambiri, zikukhala ngati zachapidwa kambirimbiri. Kodi zimenezi zikuchokera ku HDR imene munatchula ija? Ngati ndi choncho, ndisinthe pati mu HandBrake ndisanayambe mafayilo 13 otsalawo? Fayilo ya m'tchalitchi ndi yaikulu kuposa onse, ndipo sindikufuna kuisintha kawiri ndi mmene magetsi akuvutira kuno.